Kadzidzi wa pa zimbale za PlayStation: Psygnosis inachokera kuti, inathera kuti?

Wowerenga wina watilembera motere: "Malume anga atabwerako ku Johannesburg anandisiyira PlayStation yoyamba ija pamodzi ndi zimbale zingapo. Pali Wipeout, Destruction Derby, Formula 1 97 ndi zina. Pa zikuto zake pali nkhope ya kadzidzi ndi dzina lakuti Psygnosis. Agogo ataiona ananena kuti chinthu cha kadzidzi chisagone m'nyumba mwawo. Nditafufuza pa intaneti ndinapeza logo ziwiri zitatu zosafanana za kampani yomweyo. Kodi kampaniyi ndi ya kuti, inasankhiranji kadzidzi, ndipo inathera kuti?"

Achimwene, ndiyambe ndi agogo, chifukwa mawu awo si ongoyankhula. Tonse tinakula tikudziwa kuti kadzidzi akatera padenga usiku n'kuyamba kulira, m'nyumba mumagwa zii. Ena amati kukubwera maliro, ena amati ndi mthenga wa afiti. Munthu wokulira m'chikhalidwe chimenechi akaona maso awiri aja akumuyang'ana pa chikuto, mtima suungakhale m'malo. Koma amene anajambula mbalameyi anali Mngelezi, ndipo ku Ulaya kadzidzi amamuona mwina. Kuyambira kale kwa Agiriki, kadzidzi ndi mbalame ya Athena, mulungu wawo wamkazi wa nzeru, moti mzinda wa Athens unkasindikiza nkhope yake pa ndalama zasiliva. Mpaka lero sukulu ndi nyumba zowerengeramo mabuku kumeneko zimakonda kumuika pa zizindikiro zawo. Dzina la kampaniyo nalonso likuloza komweko, chifukwa gnosis ndi mawu a Chigiriki otanthauza chidziwitso. Agogo muwafotokozere zimenezi mwaulemu. Mbalame ndi imodzi, koma mitundu iwiri ya anthu inaipatsa ntchito zosiyana.

Psygnosis inali ya ku Liverpool, ku England, ndipo inaphuka pa chitsa cha kampani ina yomwe inagwa chagada. Kampaniyo inali Imagine Software, yomwe inayamba mu 1982 n'kutchuka msanga ndi magemu a makompyuta ang'onoang'ono a pakhomo monga ZX Spectrum. Eni ake anali anyamata, ndalama zinawabwerera mothamanga, ndipo anazimwaza mothamanganso. Kenaka analengeza kuti akukonza magemu awiri aakulu kuposa onse, Bandersnatch ndi Psyclapse, omwe ankafuna kachipangizo kena kowonjezera pa kompyuta kuti aseweredwe. Analipira zotsatsa m'magazini kwa miyezi, koma magemuwo sanatuluke. Mu 1984 ngongole zinaimiza kampaniyo pamene a BBC anali m'kati mojambula pulogalamu yonena za iyo, choncho kugwa kwake kunaonekera pa wailesi yakanema. Dzina la Imagine linagulidwa ndi Ocean Software ya ku Manchester.

Awiri mwa akuluakulu a Imagine, David Lawson ndi Ian Hetherington, sanafune kuti ntchito ya Bandersnatch ifere m'mazira. Anaitola, n'kuisamutsira pa makompyuta atsopano amphamvu, Atari ST, Amiga ndi Macintosh, ndipo inatuluka ndi dzina lakuti Brataccas. Imeneyi ndiyo gemu yoyamba ya Psygnosis, kampani yomwe Jonathan Ellis analinso m'gulu la oiyambitsa. Ngakhale dzina la Psyclapse silinatayidwe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 analigwiritsa ntchito ngati dzina lachiwiri losindikizira magemu ena monga Menace ndi Baal. Silinakhalitse, koma mukaona bokosi lakale lolembedwa Psyclapse, dziwani kuti ndi a m'banja lomwelo.

Tsopano tifike pa logo yoyamba, imene ndikhalitsepo chifukwa ndi pamene pagona mtima wa nkhaniyi.

Anaijambula ndi Roger Dean, katswiri wa zojambula wobadwa mu 1944, yemwe anali atatchuka kale ndi zikuto za zimbale za magulu oimba a Yes ndi Asia. Dzanja lake silisowa: miyala yoyandama m'mlengalenga, mitengo yopindika ngati ikuvina, zilombo zomwe sudziwa ngati ndi nyama kapena makina. Zilembo zake nazo zimayenda ngati mpesa wa dzungu, china kulowa mwa chinzake. Umo ndi mmene analembera dzina la Psygnosis, zilembo zonyezimira ngati chitsulo chopukutidwa, zovuta kuwerenga ukaziona koyamba, koma zosaiwalika ukaziona kachiwiri. Pamodzi ndi zilembozo panali kadzidzi uja, nkhope yokha, maso aakulu ozungulira, nthenga zooneka ngati zosulidwa.

Mungadabwe kuti kampani yaing'ono, yongochoka kumene m'mavuto a ngongole, inawonongeranji ndalama pa wojambula wodula chotero. Kuti mumvetse, taganizani za sitolo ya magemu ya nthawi imeneyo. Kunalibe YouTube yoti muonerepo gemu musanagule. Munkalowa m'sitolo, n'kupeza mabokosi ali ndandanda pa shelefu, ndipo bokosi ndilo linkakuitanani. Zithunzi za pa kompyuta zinali za timadontho tochepa. ZX Spectrum inkaonetsa madontho 256 m'litali ndi 192 m'lifupi, ndipo Amiga, yomwe inkaoneka ngati chozizwitsa, kawirikawiri inkaonetsa mitundu 32 nthawi imodzi. Ndi zida zotere sungajambule dziko lonse limene uli nalo m'mutu. Chikuto ndicho chinkapatsa wosewera dzikolo, iye n'kulinyamula m'maganizo pokakhala pa kompyuta. Psygnosis inazindikira zimenezi kuposa anzake. Inkagulitsa magemu ake m'mabokosi aakulu akuda, chithunzi chojambulidwa pamanja chitadzaza kutsogolo, ndipo munthu ankawazindikira ali pakhomo la sitolo.

Chitsanzo chachikulu ndi Shadow of the Beast ya mu 1989. Inapangidwa ndi Reflections ya ku Newcastle, yotsogozedwa ndi Martin Edmondson, nyimbo zake anapeka ndi David Whittaker, chikuto n'kujambula Roger Dean. Mtengo wake unali mapaundi 35, wokwera kwambiri pa nthawiyo, ndipo m'bokosimo munkapezekanso tisheti. Ukaiyatsa, chilombo chako chimathamanga m'dambo, ndipo udzu, mpanda, mitengo, mapiri ndi mitambo zimayenda pa liwiro losiyanasiyana, zapafupi mothamanga, zakutali pang'onopang'ono, monga mmene umaonera ukakhala pa windo la basi. Lero ndi zachizolowezi, koma mu 1989 anthu ankaimirira m'masitolo kungoonerera. Ndinene chilungamo: kusewera kwake sikunkafika pa kukongola kwake. Inali youma, yolanga wosewera popanda chifukwa, ndipo magemu angapo a Psygnosis a nthawiyo anali ndi matenda omwewo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo olemba m'magazini ankaineneradi kampaniyi zofanana ndi zimenezo. Komabe ine sindiona kuti bokosilo linkanama. Linkaonetsa kumene anthu aja ankafuna kukafika, makina asanakhale ndi mphamvu zowafikitsako.

Gemu imene inatseka pakamwa onyoza inachokera ku Dundee, ku Scotland. Ndi Lemmings ya mu 1991, yopangidwa ndi DMA Design ya David Jones. Tinthu tating'onoting'ono ta tsitsi lobiriwira timangoyenda kutsogolo mosayang'ana, ndipo ntchito yako ndi kutipatsa maudindo, kena kukumba, kena kumanga masitepe, kena kuimirira n'kubweza anzake, kuti tisagwere kuphompho. Inalibe ulemerero wa zithunzi za Roger Dean, koma inali yokoma kusewera moti inasamutsidwira pa makina pafupifupi onse a nthawiyo. M'kati mwake muli magawo ena ojambulidwa motsanzira Shadow of the Beast ndi Menace, ngati kupereka moni kwa abale. DMA Design yomweyi ndi imene inadzapanga Grand Theft Auto mu 1997, ndipo lero imatchedwa Rockstar North. Choncho GTA imene anyamata amaikhalira pamzere m'malo osewerera magemu ili ndi ubale ndi kadzidzi wanuyo, ngakhale kuti inasindikizidwa ndi kampani ina.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa zikuthandizani powerenga zikuto zanu. Wopanga gemu ndi wosindikiza gemu nthawi zambiri sakhala mmodzi. Wopanga ndi amene amalemba mapulogalamu, kujambula ndi kuika nyimbo. Wosindikiza amapereka ndalama, kudinda zimbale, kutsatsa ndi kufikitsa katundu m'masitolo. Psygnosis inkachita zonse ziwiri. Wipeout inaipanga yokha, koma Destruction Derby ndi ya Reflections, ndipo Formula 1 ndi Formula 1 97 ndi za Bizarre Creations, kampani inanso ya ku Liverpool. N'chifukwa chake pa zimbale zina mukuona zizindikiro ziwiri gemu isanayambe.

Mu 1992 kadzidzi anachoka pa bokosi n'kulowa m'gemu mwenimweni. Mu Agony, ya pa Amiga, wosewera amakhala kadzidzi wouluka pamwamba pa nyanja ndi nkhalango, akukupiza mapiko mosalala kwambiri. Kwa ine pamenepa ndi pamene logo yoyamba inafika pachimake.

Chaka chotsatira, 1993, Sony inagula Psygnosis. Nthawi imeneyo Sony inkadziwika ndi mawailesi ndi ma TV, ndipo inali isanatulutse PlayStation. Inkafuna anthu odziwa kupanga magemu a pa CD, ndipo Psygnosis inali itayamba kale ntchito imeneyi ndi gemu monga Microcosm. Koma mphatso yaikulu imene inabweretsa kwa Sony ndi yomwe osewera ambiri saidziwa. Inkagwira ntchito ndi SN Systems ya ku Bristol pa zida zopangira magemu zotchedwa PSY-Q, zomwe zinkalola munthu kupanga gemu ya PlayStation pogwiritsa ntchito kompyuta wamba m'malo mwa makina odula kwambiri. Sony itaonetsedwa zidazi kumayambiriro kwa 1994 inazivomereza, ndipo zinathandiza kuti makampani ambiri, aakulu ndi aang'ono, athe kupangira magemu makina atsopanowa.

PlayStation inatuluka ku Japan mu Disembala 1994, ndipo inafika ku Ulaya pa 29 Seputembala 1995, Wipeout, gemu ya mpikisano wa ndege zoyandama, ili pambali pake. Muli nayo m'manja, ndiye taiyang'anitsitsani. Simupezamo miyala yoyandama kapena zilombo za Roger Dean. Maonekedwe ake anakonza ndi The Designers Republic ya ku Sheffield: zilembo zakuthwa, timizere, timanambala, ndi zizindikiro za matimu ongopeka monga Feisar, Auricom, Qirex ndi AG Systems, zokonzedwa mwaluso ngati za makampani enieni. Nyimbo zinali za m'malo ovinira usiku, za Leftfield, Orbital ndi The Chemical Brothers, pamodzi ndi za Tim Wright wa pakampani pomwepo, yemwe ankadzitcha CoLD SToRAGE. Cholinga chinali kuuza mnyamata wa zaka 20 kuti gemu si chidole cha mwana, ndipo chinatheka.

M'dziko latsopanoli zilembo zopotanapotana zija zinayamba kuoneka ngati chovala cha m'badwo wapita. Apa ndi pamene pakuchokera logo yachiwiri, imene ili pa zimbale zanu. Kadzidzi anatsala, koma dzina linayamba kulembedwa m'zilembo zowongoka, zosavuta kuwerenga, ndipo chizindikiro chonse chinachepa n'kukakhala pakona. Mmene ndimaonera ine, zifukwa zake zili poyera. Bokosi lalikulu lija linalowedwa m'malo ndi kachikuto ka CD kokwana m'dzanja, ndipo pakachikutoko panafunika malo a dzina la PlayStation, dzina la gemu ndi zizindikiro zina. Chojambula chokhala ndi mizere yambiri chikachepetsedwa kufika pa kukula kwa chikhadabo chimangosanduka banga. Chifukwa chachiwiri ndi chozama. Makina tsopano anali ndi mphamvu zojambula okha dziko lija, choncho chikuto sichinkafunikanso kulota m'malo mwa gemu. Ndipo m'sitolo dzina loitana ogula silinalinso Psygnosis, linali PlayStation.

Pali kanthu kena kosangalatsa komwe mungakaone nokha. Pa msana wa chikuto ndi pa chimbale pali nambala imene imayamba ndi zilembo zinayi. Pa zimbale za ku Ulaya, zomwe ndizo zinkagulitsidwanso ku South Africa, SCES imasonyeza kuti gemu inasindikizidwa ndi Sony yeniyeni, pamene SLES imasonyeza kampani ina yopatsidwa chilolezo. Wipeout yoyamba ili ndi SCES. Wipeout 2097 ndi Formula 1, za mu 1996, zili ndi SLES. Wipeout 3 ya mu 1999 yabwereranso ku SCES. Zilembo zimenezi zikufotokoza mkangano wa m'banja. Ngakhale inali ya Sony, Psygnosis inkadziona ngati yoima payokha, moti inalola magemu ake kupita kwa opikisana ndi mwini wake. Wipeout inatuluka pa Sega Saturn, ndipo mu 1998 Wipeout 64 inatuluka pa Nintendo 64. Tangoganizani mwana wa m'nyumba akukalima m'munda wa mnansi amene bambo ake akulimbirana naye malire. Mu 1996 Sony inafika poika kampaniyi pa msika, kenaka inasintha maganizo.

Zaka zimenezo zinali zokolola. Colony Wars ndi G-Police zinatuluka mu 1997, ndipo magemu a Formula 1, okhala ndi mawu a muulutsi wotchuka Murray Walker, anagulitsidwa kwambiri ku Ulaya. Kampani inatsegula nthambi m'mizinda ina monga Leeds ndi London. Koma kukula kunabwera ndi zolemetsa zake. Formula 1 98, yomwe inaperekedwa kwa opanga ena Bizarre Creations itachoka, inakhumudwitsa anthu. Ian Hetherington anachoka mu 1998, ndipo chaka chotsatira anathandiza Martin Kenwright kuyambitsa Evolution Studios. Sony inamanga chingwe, ntchito yosindikiza inalowetsedwa mu Sony Computer Entertainment Europe, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 dzina lakuti Psygnosis linachotsedwa. Otsala ku likulu anatchedwa SCE Studio Liverpool.

Kusintha komaliza kumeneku ndi kumene kumandikhudza kwambiri, chifukwa sikunali kujambulanso logo, kunali kuifufuta. Kadzidzi anachoka pa zikuto. Dzina lopekedwa, lachilendo, lomwe anthu ankavutika kulitchula koma osaliiwala, linalowedwa m'malo ndi dzina longonena kumene ofesi ili, mofanana ndi nthambi zina za Sony za ku London, Cambridge ndi Santa Monica. Kwa Sony zinali zomveka, popeza inkafuna kuti wogula aone dzina limodzi lokha. Koma ndimaona kuti inataya chinthu chimene ndalama sizigula. Anthu anali atakhala zaka zoposa 10 akuona nkhope ija n'kumayembekezera chinachake chachilendo, ndipo chikhulupiriro chotere sichisamukira pa dzina latsopano.

Musaganize kuti luso linatha pamodzi ndi dzinalo. Studio Liverpool inapitiriza magemu a Formula One pa PlayStation 2 mpaka Formula One Championship Edition ya pa PlayStation 3. Inatulutsa Wipeout Fusion mu 2002, Wipeout Pure pa PSP (PlayStation ya m'manja) mu 2005, Wipeout Pulse mu 2007, ndi Wipeout HD mu 2008, yomwe ambiri, ine ndemwe, timaiwerengera m'gulu la zabwino koposa. Chimene chinachepa ndi ufulu. Kampani yomwe kale inkatulutsa magemu a mitundumitundu inatsala ndi mipikisano iwiri yokha, ya magalimoto ndi ya ndege zoyandama, ndipo chilolezo cha Formula One chitapita ku kampani ina ya magemu, Codemasters, inatsala ndi mwendo umodzi. Mu 2010 antchito ena anachotsedwa. Wipeout 2048 inatuluka pamodzi ndi makina atsopano a m'manja, PlayStation Vita, kumayambiriro kwa 2012, koma makinawo sanayende malonda monga mmene ankayembekezera. Pa 22 Ogasiti 2012 Sony inalengeza kuti yatseka Studio Liverpool.

Anthu ake sanabalalike kutali. Ena anayambitsa Firesprite mumzinda womwewo wa Liverpool, ndipo mu 2021 Sony inaigula, zaka 9 chitsekereni nyumba yawo yakale. Chaka chomwecho, mu Disembala, Ian Hetherington anamwalira. Reflections, ya Destruction Derby yanu ija, inadzapanga Driver ndipo tsopano ili m'manja mwa Ubisoft. Wipeout inaonekanso mu 2017 pa PlayStation 4 monga Omega Collection, yosonkhanitsa magemu akale atakonzedwanso ndi makampani ena. Roger Dean naye anasiya chizindikiro china m'dziko la magemu, chifukwa anadzajambulanso logo ya Tetris.

Za logo zosiyanasiyana zomwe mwapeza pa intaneti, muzisiyanitsa motere. Ya zilembo zopindika zonyezimira ndi ya nthawi ya Amiga ndi Atari ST. Ya kadzidzi wokhala ndi dzina lowongoka ndi ya nthawi ya PlayStation yoyamba. Mukapeza gemu ya Wipeout kapena Formula One yopanda kadzidzi, yolembedwa Studio Liverpool, ndi ya zaka zomaliza. Muchenjerenso ndi zithunzi zomwe okonda kampaniyi amajambula okha n'kuziika pa intaneti, chifukwa zina ndi zokongola koma sizinakhalepo pa bokosi lililonse. Umboni wodalirika ndi chikuto chenicheni.

Zimbale zanuzo muzitembenuze. Zenizeni za PlayStation yoyamba zimakhala zakuda kunsi, pamene zokopera zimakhala zasiliva, zobiriwira kapena zabuluu. Ngati zili zakuda, zili ndi timabuku take ndi zikuto zosang'ambika, malume anakusiyirani chinthu chosowa kuno kwathu. Muzisunge choimika, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi, ndipo pozipukuta muziyambira pakati kupita kunja ndi kansalu kofewa, osati mozungulira. Ngati agogo sakhutira ndi nkhani ya Athena, musalimbane nawo. Ikani zimbalezo m'katoni, mukazisunge kwina, nyumbayo ndi yawo. Tsiku limene mudzayatse makinawo, yambani ndi Wipeout, musankhe timu ya Feisar popeza ndiyo yosavuta kuwongolera, ndipo muphunzire msanga mabuleki a m'mbali omwe ali pa mabatani a L2 ndi R2, chifukwa popanda iwo mudzangokhalira kuwomba makoma.